Khoswe wa m'pikapu ya Mayi Christobel

Lolemba, 9 Januwale 1984

...ndiye poti mkazi wanga Estele anandidula ndi nkhani ya mchere, ndipitirize pomwe ndinalekeza. Nditatsegula boneti, khoswe uja anali khale pa batire, waya wofiira ali kukamwa ngati munthu akudya nzimbe. Kukula kwake ngati mwana wa mbuzi. Anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana, woyamba kuphethira anali iye. Basi anatsika mwaulemu n'kulowera m'munda wa tiyi. Umu ndi mmene ndawafotokozera Mayi Christobel, eni pikapu imene ndimayendetsa, ndipo ndi mmene ndikukulembera iwe buku langa.

Chichokereni khosweyo galimoto yapenga. Ukaponda buleki, hutala ikulira. Ukayatsa indiketa ya kumanzere, akuvina ndi mawaipa. Fyuzi yapsa katatu, yachinayi ndaikulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Waya wovulalayo ndamumanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Kuchokera ku Limbuli mpaka pa Boma palibe dokotala wa mawaya woposa ine Elson, ngakhale sukulu tinatsanzikana mu Sitandade 4.

Mayi sanaseke. Akuti galimotoyi yawadyera zokwanira, ikangofunanso ndalama aigulitsa, ine ndibwerere kothyola tiyi. Ine dengu kumsana? Munthu wa zaka zisanu ndi chimodzi pa chiwongolero?

Lachiwiri, 10 Januwale

Ku Milonde kukatenga zinanazi. Tisanafike pa msika, masamba pamsewu. Maliro. A njinga atsika akukankha. Ine monga mwana woleredwa ndaponda buleki. Hutala piii, pakatikati pa nyimbo ya amayi a Mvano. Ndachotsa phazi, galimoto ikulunjika anthu. Ndapondanso, yaliranso.

Bambo wina wa jekete lakuda wafika pa windo. Akuti, "Achimwene, mukuitana ndani? Mwini zonsezi sadzukanso."

Ndatsika chipewa m'manja, kupepesa uku ndi uku. Ndawafotokozera za khoswe, ndipo pofika pamene anandiyang'ana paja, amayi ena amabisa kuseka m'zitenje. Lero ndakumbukira bwino, khosweyo kukula kwake anali ngati galu wa manejala wa ku esiteti. Mayi apereka chipepeso.

Lachitatu, 11 Januwale

Mulungu si munthu. Ku positi pa Boma tapeza kalata yochokera ku kampani ya ku Blantyre imene inawagulitsa Mayi pikapuyi. Yachingerezi. Ndikanawerenga ndekha, koma ndamupatsa mpata Agatha, mwana wa Mayi, poti ndi mphunzitsi, asaiwale ntchito. Akuti mapikapu onse a mtundu uno anabadwa ndi matenda: mawaya amakhuzika pa chitsulo cha chiwongolero. Tipite nayo mwezi usanathe, akasintha mawaya onse ulere.

Mayi amwetulira mpaka dzino lagolide kuoneka. Ine ndavina pa khonde la positi.

Wayilesi yanga ndaichotsamo m'galimoto. Ikapume kaye kunyumba.

Lachinayi, 12 Januwale

Mulanje mpaka Blantyre buleki ndaponda kasanu ndi kawiri kokha, kwinako magiya. Wina ayese. Pa Luchenza a Yufi anatiimitsa kufuna makhadi a chipani, hutala n'kuwakuwa. Khadi ndinaitulutsa asanamalize kutembenuka. Mu Limbe ndiye anthu amatiimikira manja, ankaganiza kuti ndi ukwati.

Galaja yake pansi pamawala, ukhoza kumeterapo ndevu. Pa kauntala mtsikana wa dzina pachifuwa, Millie, fomu ili patsogolo. Akuti, "Vuto linayamba bwanji?"

Ndisanatsegule pakamwa Mayi ayankha. "Khoswe, mwanangu. Auzeni, a Elson."

Amakaniko atatu anali atayandikira. Ndikanatani ine, anthu atatchera khutu? Ndinaikamba yonse, ya mchira ndinawonjezera. Anaseka mpaka wina kugwetsa sipanala. Millie sanaseke. Analemba liwu limodzi pa fomu n'kuitana folomani, mkulu wa imvi wa ovolosi yoyera.

Folomani akuti, "Mayi, kalatayi ndi ya waya wokhuzika pa chitsulo. Za makoswe kampani sikonza ulere. Mugule mphaka."

Boneti sanatsegule n'komwe. Atatchula mtengo wokonzetsa polipira, Mayi anakhala pansi pa benchi. Pobwerera amene amalankhula ndi hutala yekha.

Lachisanu, 13 Januwale

Mwini chigayo wa ku Limbuli wabwera kudzaona pikapu, akufuna kuigula. Wamenya matayala ndi phazi. Dalaivala ali naye kale, mlamu wake.

Loweruka, 14 Januwale

Estele watulutsa dengu langa lakale la tiyi, waliyanika pakhomo penipeni. Akuti, "Ndikungolichotsa nkhungu, bambo a Margret, musadandaule." Kenako akuti, "Mpeni wanga wosendera chinangwa uja munapita nawo ku galimoto pa Khirisimasi, munakatani nawo?"

Ndati ndinkakonzekera khoswe. Akuti, "Eya, munalota kuti akubwera." Mkazi ameneyu akanakhala wapolisi ndende zikanadzaza.

Wa chigayo akuti abwera Lachiwiri kudzamaliza.

Lolemba, 16 Januwale

M'mawa ndinakagwada pakhonde pa Mayi, mawondo onse awiri, kupempha ulendo umodzi wokha wa ku Blantyre. Akuti tikatani. Ndati ndikalankhula komweko, chifukwa mawu ake ndi olemera, sindingawanyamule kawiri.

Ku galaja, Millie atationa akuti, "Mwabwera ndi mphaka?"

Ndati ayi chemwali, ng'ambani fomu ija, ndabwera ndi ina. Ndinavula chipewa. Amakaniko aja anafikanso kudzamva za mchira, ine n'kuwauza za wayilesi. Kuti pa Khirisimasi ndinasenda waya mmodzi ndi mpeni, n'kulumikizapo wayilesi yanga kuti tiziyenda ndi nyimbo. Kuti patangotha sabata hutala inayamba misala, ine n'kuganiza kuti galimoto ya Mayi ndaipha ndine.

Mayi amandiyang'ana ngati chinanazi chowola pakati pa zabwino.

Folomani anapumira m'mwamba, n'kutenga tochi, n'kukagona chagada pansi pa chiwongolero. Anakhalako nthawi yoti munthu ukhoza kupita ku Thyolo n'kubwera. Potuluka anatiitana tione: mtolo wa mawaya wakhuzika pa chitsulo, mawaya anayi ali mbulanda, akugundana. Akuti, "Matenda a m'kalata aja ndi awa. Wayilesi yanu ilibe mlandu, bambo, ngakhale kalumikizidwe kake n'koyenera ndende." Mphira yanga ya njinga waisunga, akuti akaonetsa ana ake.

Pikapu yatsala komweko, akonza ulere. Tabwerera pa basi. Titafika pa Luchenza, Mayi anatsegula chikwama, n'kundiponyera kapepala kokatengera galimoto. Akuti, "Lachinayi mukaitenge. Wa chigayo ndimuuza ndekha. Koma nyimbo muziimba ndi pakamwa panu, poti sipatopa."

Tsopano buku iwe, tiuzane zoona, poti nawenso ndinakunamiza. Khoswe kunalibe. Pa batire sipanakhale kanthu, ngakhale nyerere. Ndabwerera pa tsamba la Lolemba lapitalo kuti ndimukhwatche, koma dzanja lakana. Khoswe wokongola chonchija sindidzapanganso wina.