Choko Chofiira

Lachinayi, pa 9 Meyi

Okondedwa achemwali anga,

Choyamba mundikhululukire chifukwa cha zilembo zokhotakhotazi ndi mawu amene ndalemba molakwitsa. Mukudziwa nokha kuti sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi. Pamene pakukanikani kuwerenga mungoganizira, inu mumandidziwa.

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ife kuno tilipo. Amake ana ali bwino, wamkulu uja wakhoza mayeso, wamng'ono wachoka mano awiri akutsogolo ndipo akukana kuseka pagulu. Ine thupi lili bwino, koma chakudya sichikutsika. Lamba ndabowola kale kawiri.

M'kalata yanu munafunsa za ngozi munamva pa wailesi ija, ya boti la matanga limene linamira mwezi wathawu. Munati mukuthokoza Mulungu kuti ine ntchito yanga ndi yapamtunda. Mawu amenewo ndinawawerenga katatu. Achemwali, ndi yapamtunda inde, koma lero ndikuuzani zimene sindinauze munthu aliyense, ngakhale amake ana.

Paja pano padoko ine ndine wapageti. Ndimatsegulira eni maboti, ndimasesa, ndimawakha zingwe boti likamakocheza. Koma pali kantchito kena kamene abwana a padoko anandipatsa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Pakhoma pafupi ndi geti pali bolodi lakuda. Kawiri pa tsiku, 6 koloko m'mawa ndi 12 koloko masana, mayi wa pa wailesi ya mu ofesi amalandira uthenga wa azanyengo, amaulemba pa kapepala n'kuponya m'kabokosi ka pawindo. Ine ndimatenga kapepalako n'kukopera pa bolodi: kumene mphepo ikuchokera, mphamvu yake, ndi kutalika kwa mafunde. Kukakhala kwabwino ndimalemba ndi choko choyera. Likakhala chenjezo ndimalemba ndi chofiira, zilembo zikuluzikulu. Woyendetsa boti aliyense amayamba waima pamenepo asanamasule chingwe.

Ntchitoyi anandipatsa chifukwa cha khalidwe langa lomwe lija munkandikalipira nalo tili ana, loopa zinthu zisanachitike. Kuno amanditcha Namondwe, poti ndikaona kamtambo konga chikhatho ndimayamba kuchenjeza aliyense. Amene anandipatsa dzinalo ndi a Ndevu, woyendetsa boti linamira lija. Akafika pageti ankati, "A Namondwe, lero tifa nthawi yanji, kuti ndidyeretu?" Ine n'kumati, "Sekani, koma majekete oyandamitsa aja muvale." Iwo, "Tamva, abusa." Anali munthu wanthabwala, koma ndi nyanja sankachita nayo masewera. Zaka zonsezi sindinawaonepo akutuluka bolodi lili lofiira.

Tsiku limenelo kunacha bwino, nyanja ili phee ngati mafuta m'mbale. M'mawa ndinalemba zoyera. Amake ana anali atalawirira kuchipatala ndi wamng'ono uja, ndiye tiyi ndinadziphikira ndekha pa chitofu cha palafini. Cha m'ma 11 koloko ndikusesa, maganizo anangondifikira: kodi chitofu chija ndinazimitsa? Ndinadziuza kuti ndinazimitsa. Mtima unakana. M'mutu ndinayamba kuona katani ikugwira moto, kenako denga, kenako nyumba za eni ake zoyandikana nazo zija. Ndinapempha wogulitsa mafuta a maboti kuti andiyang'anire geti, ndinati ndikupita kuseriku, ndipo ndinauyatsa ulendo wa kunyumba. Za bolodi sindinamuuze. Ndinkati pofika 12 ndikhala nditabwera.

Chitofu ndinachipeza chozizira, achemwali. Chozizira ngati mwala. Pobwerera basi inachedwa, ndinafika padoko 1 koloko itadutsa. M'kabokosi munali kapepala: mphepo yamkuntho kuchokera kummwera kuyambira 3 koloko, maboti ang'onoang'ono asatuluke. Nditayang'ana pamene pamakhala boti la a Ndevu, panali madzi okhaokha. Anali atanyamuka hafu pasiti 12 ndi alendo atatu, kukazungulira chilumba. Bolodi limene anawerenga linali langa la m'mawa lija, loyera.

Ndinafufuta msangamsanga n'kulemba zofiira, ndipo pamwamba ndinaika "12 koloko" monga mwa masiku onse. Pa nthawiyo sindinaganize kuti ndikunama, dzanja linangolemba zimene linazolowera. Kenako ndinathamangira kwa mayi wa pa wailesi kuti awaitane abwerere. Anaitana mpaka mawu kusasa, koma kunali zii. Tinadzamva pambuyo pake kuti wailesi ya m'botimo inali ndi vuto. Abwana atatuluka mu ofesi anajambula bolodi lija ndi foni yawo, n'kunena kuti, "Nanga munthu angatuluke bwanji zoterezi zili apa?" Ine ndinali pambali pawo.

Isanakwane n'komwe 3 kunada bii. Mphepo inathyola mlongoti, mafunde anakankhira boti pa matanthwe a kuseri kwa chilumba. Anapulumuka mayi mmodzi yekha mwa alendo aja, amene a Ndevu anam'mangirira jekete yoyandamitsa ndi manja awo. Majekete enawo anapezeka akadali pansi pa mpando, poti ponyamuka kunali bata. Thupi la a Ndevu linapezeka patatha masiku atatu.

Ofufuza atabwera, abwana anawaonetsa chithunzi chija. Anati, "Wathuyu ndi tambala, nthawi salakwitsa." Anandifunsa ngati amene analemba ndine. Ndinati inde. Za nthawi sanandifunse, ndipo ine sindinanene. Mayi wa pa wailesi windo lake limayang'ana kunyanja, bolodi saliona. Wogulitsa mafuta uja mpaka lero amandiseka kuti tsiku lija ndinatsekula m'mimba, ndipo nthawi imene ndinabwerera sakuikumbukira. Mayi wopulumuka uja ananena zoona zimene anaona, kuti a Ndevu anapita pa bolodi, n'kubwera kudzawauza kuti kunja kuli bwino. Ndiye tsopano doko lonse likuti anaona zofiira n'kunamiza alendo. Omwe ankamwa nawo tiyi aja ndi amene akuti, "Ndevu anali wamakani, tinkadziwa ife." Wakufa sadziwiringula, achemwali.

Chichitikireni ngoziyo pabwera malamulo atsopano, ndipo ndi abwino, sindingatsutse. Boti lisanatuluke, woyendetsa alembe pa pepala njira imene adzere, anthu amene watenga, malo amene angathawire mphepo ikasintha, ndi nthawi yobwerera. Ola limodzi likadutsa asanafike, timaitana opulumutsa osadikiranso. Ayese wailesi yake, mayi wa mu ofesi amuyankhe. Majekete avalidwe pageti pomwepo, osati kukhala pansi pa mpando. Ndipo awerenge bolodi mokweza pamaso panga n'kusaina. Mwamva? Pamaso panga. Ine amene ndinathawira chitofu ndi amene andiika kukhala diso la onse. Ndinayesa kuwauza abwana kuti pakhale wina woona ngati wolemba bolodi walemba pa nthawi yake. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Namondwe, mitambo yakuchepera, wayamba kudziopa wekha?"

Mkuja Loweruka kuli msonkhano wa eni maboti onse, ofufuza aja abweranso kudzawerenga zimene apeza. Abwana akuti ine ndidzaime kutsogolo ndifotokoze za bolodi, kuti anthu aone kuti doko linachita mbali yake. Andigulira ndi malaya atsopano. Amake ana awasita kale, apachika kuseri kwa chitseko, ndipo akuuza anzawo onse kuti bambo akukayankhula pamaso pa akuluakulu.

Mwina ndikanapirira, koma dzana kunabwera akazi awo a Ndevu. Mayiwa amasoka matanga m'kashedi ka kuseri kwa ofesi. Kale pakhomo pawo pankadzaza matanga ong'ambika, lero anthu akukasoketsa kwina, ngati kuti ngozi imayenda mu ulusi. Anandipeza ndikufufuta bolodi. Anaima pambali panga, m'manja muli singano yawo yaikulu ija, ngati anaiwala kuisiya.

"Mwaswera bwanji, a Namondwe?"

"Ndaswera, mayi, kaya inu? Mtsikana wanu uja ali bwanji?"

"Dzulo wabwera diresi itang'ambika. Wamenyana kusukulu. Anzake akuti bambo ako anapha anthu."

Ine ndinangoyang'ana nsanza ya m'manja mwanga.

Anati, "Ndili ndi funso, musandione ngati wamisala. Tsiku lija ndinawabweretsera abambo chakudya pageti pano, atatsala pang'ono kunyamuka. Inu panalibe, panali wamafuta uja. Ine kuwerenga sindidziwa, mukudziwa. Koma choko chofiira ndimachidziwa, chifukwa ndikachiona ndimasangalala kuti lero abambo aswera pakhomo. Tsiku lija sindinachione. Bolodi linali loyera."

Ine ndinasiya kufufuta.

"Ndinawauza ofufuza aja," anapitiriza, "iwo anandionetsa chithunzi n'kunena kuti chisoni chimasokoneza mutu. Mwina n'zoona. Masiku ano ndimaika mchere mu tiyi. Ndiye ndati ndifunse inu, poti inu simunama. Kodi maso angawa anandinamiza?"

Achemwali, mukudziwa zimene ndinayankha? Ndinati, "Papita masiku, mayi, sindikukumbukira bwino."

Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Abambo ankati doko lonse lino munthu amene amawasunga ndi moyo ndi inu. Ankakusekani, koma kunyumba ankatero." Kenako anati, "Loweruka ndibwera. Ndikhala kutsogolo kuti ndimve bwino, makutuwa ayamba kuvuta." Anabwerera kushedi kwawo, ndipo posachedwa ndinamva makina awo akulira, ngakhale ndikudziwa kuti analibe chosoka.

Ndayesa kudzitonthoza m'njira zonse. Ndimati wailesi yawo ikanakhala yabwino akanabwerera. Ndimati majekete akanavala onse mwina akanapulumuka. Ndimati akanatha kulowa mu ofesi kukafunsa okha. Zonsezo n'zoona, ndipo pa zimenezo analakwitsa. Koma mu ofesi sanalowe chifukwa ankakhulupirira dzanja langali. Ndipo chimene anthu akuwanenera si wailesi kapena majekete ayi. Akuti anaona chenjezo n'kunama. Chimenecho sanachite, ndipo padziko pano amene akudziwa ndi ine, ndi mayi aja amene auzidwa kuti mutu wawo wasokonekera.

Ndikanena, ntchito yatha, zimenezo ndiye n'zosachita kufunsa. Kaya pali ndende, sindikudziwa, ndipo ndikuopa kufunsa chifukwa wofunsayo amayamba waonekera. Abale a alendo anafa aja adzandiyang'ana bwanji? Nanga ana anga kusukulu, si iwo amene azidzabwera malaya atang'ambika? Ndikaganiza zimenezi ndimati ndikhale chete, akufa anafa. Ndikatero ndimaona mtsikana uja akukula ndi dzina la bambo ake lili m'matope, chifukwa cha chitofu chozizira.

Dzulo pa nthawi yopuma ndinalemba zonse pa pepala: nthawi imene ndinachoka, nthawi imene ndinabwera, ndi zimene ndinalemba pamwamba pa bolodi. Ndinasaina. Ndinafika nalo mpaka pakhomo la ofesi, abwana n'kundifunsa ngati malaya aja akundikwana. Ndinati akukwana bwino, zikomo bwana, n'kubwerera kugeti.

Kalatayi ikufikani Loweruka litadutsa kale, ndiye sindikupempha malangizo. Ndikudziwanso zimene mukananena, inu amene munandiyendetsa mpaka kwa aneba kukabweza mpeni ndinatola uja, ine ndikulira njira yonse. Chimene ndikupempha ndi ichi: zikavuta, mungawasunge ana anga awiriwa kwa kanthawi? Wamkuluyo amadya chilichonse ndipo amathandiza ntchito. Wamng'onoyo amaopa agalu, ndipo amafunsa kawirikawiri ngati chitseko chatsekedwa. Musam'kalipire, anatengera ine.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti chipewa anandipatsa chija ndikuvalabe. Moni kwa ana onse. Amayi muwawerengere poyambirira pokha, pa za mayeso ndi za mano, kenako mulumphe mufike pano. Muwauze kuti mwana wawo ali bwino, akugwira ntchito, ndipo amawakumbukira. Akafunsa ngati ndikadali wamantha, muwauze kuti inde.

Pepala lija lili m'thumba la malaya atsopano aja, kuseri kwa chitseko. Amake ana sindinawauze. Mayi osoka matanga aja sindinawayankhe zoona. Loweruka ndidzaima kutsogolo, iwo adzakhala pampando woyamba, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati dzanja langali lidzalowe m'thumbamo.

Ndine mlongo wanu,
Wapageti, amene kuno amati Namondwe