Bulangete la ku Osaka Lifuna Kundithetsela Ukwati

Aphungu,

Dzina lake ndi Rabecca Nkandu, ndipo mulilembe lonse, musalifupikitse. Timaphunzitsa pasukulu imodzi kuno ku Nyimba, timagona nyumba imodzi. Ndiye anatsegula sutikesi yanga ine ndili m'kalasi, n'kutenga chithunzi cha bwenzi langa, n'kupita nacho pamzele wa sopo ndi saladi wophikila kushopu, pamene amai amaima kuyambila m'mawa, manja ali chete koma pakamwa pakugwila nchito.

Ndiyambe bwino. Ndili ndi zaka 23, ndinamaliza Fomu Faifi. Bwenzi langa ndi Febian, makanika wa mathilakitala ku Petauke. A kwawo anapeleka chikole kwa amalume chaka chatha, ukwati tinauika mu Ogasiti. Mu Okutobala anamusankha kupita ku Japan, mumzinda wa Osaka, kukaphunzila za makina kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Febian salemba za mwezi ndi nyenyezi ngati anyamata ena. Amalemba ngati lipoti la kunchito. Kalata ya mu Januwale inali ya kuzizila yokhayokha. Anati: "Kuno Juni wa kwathu angamuseke. Mphepo imalowa mpaka m'mano. Tikapuma sitiyenda panja, timatsikila pansi pa nthaka, kumene kuli misewu ya mashopu okhaokha, magetsi ali ngwee, ungayende ola lathunthu osaona thambo. Tinalowanso m'nyumba yosungila zinthu zakale, ndinaona malupanga ndi zovala za asilikali awo amakedzana. Ndikaweluka ndimapita kunyumba yosambila, timalowa anthu ambili m'dziwe la madzi otentha, ukatuluka thupi limafunda mpaka m'mafupa. Pa Sondo aphunzitsi anga anandiitana kwawo, ndiye chithunzi ndakuikilacho."

Chithunzicho ndi ichi. Pali katebulo kafupi ngati mpando wa ndalema wodulidwa miyendo, ndipo m'mbali mwake mwatuluka bulangete lalikulu. Akhala pansi anthu anayi: mdala wa magalasi, amai achikulile, Febian, ndi mtsikana wina amene akuseka uku akupatsa Febian nachesi losenda. Patebulo pali mbale ya zipatso, onse anayi avala majuzi, miyendo ili m'bulangete limodzi.

Amai a m'kwaya yathu anandiuza zimene Rabecca ananena pamzele paja: "Bwelani muone mkamwini wa ku Japan! Alowana kale, mpaka apongozi ali m'bulangete momwemo. Komanso amasamba maliseche pagulu, analemba yekha." Ndiye kuti ndi kalata yomwe anawelenga, mphunzitsi wathunthu.

Nkhani inakwela basi. Pofika kwathu kwa Kalindawalo, tebulo linali litasanduka bedi, mdala uja atasowa, mtsikana ali ndi pakati. Amalume anandiitanitsa. Ndisanakhale n'kukhala komwe anati, "Mwamuna wafunda ndi banja lonse, ife tikudikila chiyani? Ine nkhalamba ino sindinagundanepo ngakhale chigongono ndi apongozi anga." Kenako anati ndiwaonetse chithunzicho. Ndinakana. Ndinati sindine wakuba kuti ndizipeleka umboni, ndipo amene wakhulupilila za pamzele wa sopo akafunse komweko. Ndivomela, mau anakwela. Iwo anangoti pa 15 Malichi aitana ankhoswe, chikole chibwelele kwawo.

Febian abwela mu Epulo. Kalata imatenga masabata atatu kupita, atatu kubwela. Pofika yankho lake, zonse zidzakhala zitatha.

Ine Febian ndimudziwa. Munthu wakuba chimanga sajambulitsa ali m'nkhokwe n'kutumizila mwini munda. Mwamuna amene amachita manyazi kundigwila dzanja pamsika wa ku Petauke sangakhale ndi chiwindi chotele. Zithunzi zake zina zili pakhoma, ichi chokha ndinachiika pansi pa zovala chifukwa ndimadziwa mitu ya anthu a kuno. Sindinama, mtsikanayo ndinamuyang'ana kangapo. Mano ake ndi abwino, basi.

Tsono ndiuzeni, Aphungu, inu amene mumakumana ndi anthu oyenda. Kodi n'zoona kuti kumeneko anthu amakhala chonchi kukazizila, kapena ine ndiye chitsilu cha mu Nyimba? Nanga amalume ndiwatani lisanafike tsikulo?

Chimodzi chokha musandiuze: kukhululuka. Rabecca anabweza chithunzi chili ndi zala za mafuta, n'kunena kuti, "Iwe naiwe, ndinali kuseka chabe." Mapoto anga ndinachotsa pa ake tsiku lomwelo. Za iye ndanena lelo, ndipo sindidzazinenanso, kaya kwa inu, kaya kwa wansembe.

J.M., Nyimba

*

J.M. mwanawe,

Sindiwe chitsilu. Kalata yako ndinapita nayo kwa amai ena, namwino amene anakhalako ku Japan nyengo yozizila ali pamaphunzilo. Nditawawelengela za tebulo anaseka mpaka kupukuta misozi. Akuti pansi pa katebuloko pamakhala kambaula kamagetsi, ndipo bulangete nchito yake ndi kusunga kutentha kuti kusathawe. Banja lonse limakhala pamenepo masana, kudya manachesi, kumwa tiyi, kucheza, ana kulemba za kusukulu. Mlendo akabwela amamulowetsa pomwepo, chifukwa kumusiya pakona akunjenjemela ndiko kupanda ulemu. Za kusamba akuti n'zoonanso, koma amuna ali ndi mbali yawo, akazi yawo, pakati pali khoma. Kodi anyamata a kwanu akamasamba kumtsinje amavala jekete?

Ndiye zimene Febian analemba ndi za munthu amene akuthawa mphepo, monga amachitila eni dziko. Mtima wake sindingauone ndili muofesi muno, koma m'chithunzimo mulibe mlandu.

Tsopano ndikunene iwe. Amalume ako anachita chinthu chimodzi chanzelu pankhani yonseyi: anapempha kuona ndi maso awo. Iwe unawamana. Munthu amene wamva za bedi ndi mimba, n'kupeza mwana wa mlongo wake akubisa chithunzi, uganiza aganiza chiyani? Rabecca anayatsa moto, koma udzu unathila ndiwe.

Usadikile pa 15. Loweluka likubwelali kwela basi, upite kwanu ndi chithunzi ndi kalata yomwe. Tenga amai ako aang'ono kapena wamkulu wina amene amalume amamumvela, osati gulu. Chizungu cha Fomu Faifi uchisiye ku Nyimba. Gwada, pepesa chifukwa cha mau aja, ngakhale mkati ukuwila. Kenako uwapatse chithunzi m'manja mwawo, awelenge okha anthu, aone majuzi amene onse avala, aone kuti ndi tebulo ndipo pali mbale ya zipatso. Kalata uwawelengele yonse mokweza, ndi za misewu ya pansi pa nthaka zomwe, amve kuti mnyamatayo sanabise kanthu. Ukatelo uwafunse mofatsa ngati mu Juni, pamalilo kapena pakhonde, sanaothepo mbaula imodzi ndi akazi a eni.

Usawapemphe kuti avomeleze mwambo wa ku Japan. Sadzavomela, ndipo si nchito yawo. Upemphe chinthu chimodzi chaching'ono: adikile mpaka Epulo, mwini nkhani adzayankhe yekha pamaso pa ankhoswe. Munthu wamkulu savutika kupeleka mwezi umodzi, chimene chimamuvuta ndi kubweza mau ake pagulu. Ndiye mupatse njila yotulukila ulemu wake uli pamutu.

Mailo m'mawa, Loweluka lisanafike, pita kupositi utumize telegalamu kwa Febian, alembele amalume mwachindunji. Mwina ifika mochedwa, koma idzapezeka ilipo. Ndipo m'kalata yako ina umufunse poyela kuti mtsikana wa nachesi ndi ndani. Funso limodzi, lopanda minga. Unamuyang'ana kangapo, ndiye funsa kamodzi, mtima ukhale pansi.

Za Rabecca wandiletsa, ndiye ndingoti gula loko wa sutikesi. Moni uzimupatsa, chifukwa ana a sukulu amaona zonse. Zotsalazo ndi zako ndi nthawi.

Koma chenjela ndi lilime lakolo, mwanawe. Likakupambana kachiwili pamaso pa amalume, chikole chibwelela, ndipo Febian adzazimva m'kalata ali yekha m'kachipinda kozizila, kutali ndi aliyense wolankhula chinenelo chake. Tsiku limenelo adzafuna munthu womufunsa ngati wadya, ndipo mumzinda wonsewo khomo limene amalidziwa ndi limodzi lokha, la kwa mtsikana wa nachesi uja.

Aphungu