Mipango Iwiri Yopanda Dzina

Lolemba, 3 Febuluwale

Amene wayamba kundiuza ndi Tabawa, wokazinga kosai, zitumbuwa za nyemba, pamphambano. Akuti kwabwera mtsikana wa ku Abuja, Rumasa'u, akufuna nkhalamba zimene zinkalira ku kanema wa Amwenye. Kulira nako kwasanduka luso. Ife tinkangolira.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Wandipeza. Nsapato zoyera, m'fumbi la Kano lino! Akuti, "Baba Ilu, ndamva kuti munkafotokozera anthu mafilimu ndinu." Ndine kumene. Chimwenye sindichidziwa, sukulu sindinapondeko, zilembo izi ndinatola pa zikwangwani za kanema. Ndinkangoyang'ana maso a osewera, mawu n'kuikamo anga.

Akuti Loweruka masana aonetsa filimu yakale. Aliyense mpango wake wopukutira misozi. Ikatha, utchule pa chojambulira mawu dzina la amene unkalira naye, alilembe pampangopo, aupachike pachingwe.

Ndaseka. Dzina la ujayo sindinalitchulepo. Zaka makumi atatu benchi imodzi, bondo ku bondo, magetsi akazima dzanja lake m'dzanja langa. Mkazi satchula dzina la mwamuna wake, mwambo ndi umenewo. Ine palibe anandilamula. Pakamwa panangokana pokha. Ngakhale muno sindilemba.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Tabawa akuti Hajiya Delu, akazi amasiye a ujayo, nawonso aitanidwa. Iwo ku kanema sanalowepo, akazi apabanja sankapitako. Ujayo ankakawafotokozera kunyumba. Ndi mawu anga! Misozi yanga yotsala ankamalizitsa ndi iwo.

Akadziwa Hajiya, wadziwa Kano yense. Mzikiti, ana anga, adzukulu. Ndinena kuti bondo likupweteka.

Loweruka, 8 Febuluwale

Bondo silinapweteke. Ndapita.

Anaonetsa filimu ya abwenzi awiri, wina amafera m'manja mwa mnzake. Mpango wanga wonyowa ngati wagwera m'chitsime.

Chojambulira chinafika kwa Hajiya. Anati, "Mwanawe, unakuliradi ku Abuja. Nditchule dzina la eni nyumba, pakamwa panga pano? Baba Ilu ndi awo, anzawo. Atchule iwowo."

Maso onse kwa ine, katswiri wolongolola wa Kano yense. Ndinatsokomola. Ndinati malemu. Rumasa'u akuti malemu ati? Ndinati ujeni. Tabawa n'kukuwa, "Manyazi ngati mkwatibwi bwanji, Baba?"

Anthu kuseka. Hajiya ayi. Anangondiyang'ana, kundiyang'anabe, n'kupinda mpango wawo.

Pachingwe mipango khumi ndi isanu ya mayina, iwiri yopanda. Rumasa'u akuti iwiriyo ndiyo yokongola koposa. Ophunzira!

Lamulungu, 9 Febuluwale

M'mawa, odi. Hajiya okha, chikho cha fura, chakumwa cha mapira, m'manja. Ndinati basi, kwanga kwatha.

Anakhala pamphasa. Akuti, "Zaka zonsezi ndinkayesa mkazi mnzanga ndi Mmwenye wa pachinsalu cha kanema. Kani ndi wandevu."

Mawondo onse awiri anapweteka tsopano.

"Imwani. Sindiuza munthu, ndingayambire pati? Koma malemu ankandiuza kuti mnzake uja wa mufilimu amachira. Ananama ndani, inu kapena iwo?"

Ndi iyeyo. Ine pofotokoza, mnzakeyo ndinkamupha nthawi zonse.

Abweranso Lachitatu, akufuna mafilimu onse kuyambira yoyamba, mathero enieni. Tawerenga zaka zimene aliyense wakhala ndi ujayo. Mkazi wamkulu ndine. Akuti ndisazolowere.