Filimu ya ku Sweden ndi Bambo Womupeza

Lolemba, 10 Okutobala 2005

A Kingsford abwerezanso: tikakwatirana, Hilary apite ku Nsanje kwa azakhali ake. Ati malemu bambo ake analowola, mwana ndi wa kumeneko. Malume akuti ndisachite makani, mwamuna wofuna mayi wamasiye satoleka pa depoti. Koma mwana wanga wa Sitandade 4, ndimutumize ngati katundu? Mtima ukundiwawa. A K. ndimawakonda, vuto lake ndi limenelo.

Lachitatu, 12 Okutobala

Amisa, mnzanga wa ku ofesi, watikokera ine ndi a K. ku holo ina m'tauni, akuonetsa mafilimu a ku Ulaya ulere. Ya lero ya ku Sweden, yakalekale, yaitali ngati ulaliki wa mlendo. Chilankhulo osamva, kumangowerenga timawu ta pansi. Poyamba maphwando okhaokha, anthu kuyasamula. Wina kumbuyo, "Achimwene, ndewu iyamba liti?"

Kenako bambo wa ana a mufilimumo wamwalira, mayi wakwatiwa ndi m'busa wouma mtima. M'busayo akukwapula kamnyamata, mayi wina muholomo wakuwa, "Iwe, si wako ameneyo!" A K. adzuka n'kutuluka. Ndawapeza panja itatha. Andikweza minibasi ya ku Soche.

Lachinayi, 13 Okutobala

Ku ofesi nkhani ndi yomweyo. Amisa akuti ankayesa kwa azungu ana owapeza amangodya chokoleti. A Sumaili, dalaivala wathu, ati amva kuti inawina mphoto zambiri, koma iwo anagona bwinobwino.

Ine ndikuona kuti a K. akwiya. Munthu mkulu wa mpingo, ine kukamuonetsa m'busa wankhanza, ngati ndikumunena. Ndawaflasha, sanaimbe.

Loweruka, 15 Okutobala

Hilary akutsuka mbale: "Amama, ku Nsanje muzidzabwera kudzandiona?" Wamva kwa ndani kaya. Ndakalirira kubafa.

Lamulungu, 16 Okutobala

A K. abwera titaweruka kutchalitchi. Tiyi akana. Akhala pakhonde, maso pansi.

"Daisy, ine ndinakula ndi bambo wondipeza. Lamba uja ndikumudziwa." Ati za kulowola zija chinali chobisalira chabe. Amaopa dzanja lawo lomwe, kuti mwina anatengera, ndiye bola mwana akhale kutali.

Ndinakonzeka kukangana nawo. Koma ndawamvera chisoni. Ndangoti, "Amene anatengera satuluka muholo." Aseka pang'ono, maso ali ofiira. Ati a ku Nsanje akalankhula nawo okha.

Amuitana Hilary. Wabwera n'kugwada patali. Iwo, "Dzuka, khala pampando apa." Amufunsa ngati angakonde kukakhala nafe kwawo ku Chirimba. Mwana wandiyang'ana ine kaye, kenako iwo.

"Mumamenya?"

"Ayi. Ndikadzayerekeza, udzawauze amayi ako, ndi malume, ndi mpingo wonse."

Waganiza nthawi yaitali. Kenako wafunsa ngati sukulu ili pafupi.