Tinungu ta m'nyanja tatha ku Ngor

Achimwene Alassane,

Ndikhulupirira muli bwino ku Spain kumeneko. Kuno ku Ngor tilipo, ndipo mwendo wa amayi uja ukupolako.

Mukukumbuka tinungu ta m'nyanja, tizilombo tozungulira taminga tija timatola pamiyala n'kumawotchera alendo? Kwagwa matenda, tinunguto tatha. Mvula itangosiya tinayamba kuthothoka minga, kenako mafunde ankangotaya zigoba kumtunda. Mbaula yanga ndinaitsamiritsa kukhoma.

Kunabwera mayi wina wa kuyunivesite, anakhala masiku awiri akulowa pansi pa madzi kufufuza. Anati tisadandaule, chifukwa tinunguto ndi timene tinkadya ndere mpaka miyala kuyera mbee. Tsopano ndere zimeranso, nsomba zibwerera kudzaswana.

Mlamu wanu Ndiaga anafunsa kuti, "Liti, mayi?"

"Mwina pakatha zaka zisanu, ngati madzi sapitiriza kutentha."

Ndiaga anaseka. "Chabwino, ndikawauza ana kuti chakudya chipsa pakatha zaka zisanu."

Ndere zameradi, koma ndi zoterera zija zonunkha, nsomba sizifikako n'komwe. Sabata yatha Ndiaga anakhala akumira kusaka nsomba m'mawa wonse, anabwera chimanjamanja.

Masiku ano salankhulalankhula. Wagulitsa magalasi ake omirira, wagula jekete lochindikala, kutentha konseku. Amakhalira kucheza ndi amuna amene akukonza bwato lalikulu lowolokera ku Spain kuseri kwa doko. Ine sindinamufunse kanthu, ndipo amayi sakudziwa. Mukamalankhula nawo musawauze.

Foni yanu isamazime mwezi uno, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Seynabou