Jekete Loyera Limene Munatumiza

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndiponso kuti chifuwa chija chinakusiyani. Kuno tonse tilipo. Amayi akudandaula miyendo monga mwa masiku onse, koma kuntchito akupita.

Mwana wanu wamng'ono uja, Kanyerere, akupeza bwino. Chizungulire chinatha, khosi lokha ndi limene akutembenuza pang'onopang'ono. Adokotala anati fupa silinathyoke koma ubongo unagwedezeka, ndiye apume mpaka iwo eni adzalole. Ine ndili naye maso, mpaka akunditcha wapolisi wa m'nyumba.

Ababa, mukudziwa kuti pa foni ine ndimangoti eya, eya. N'chifukwa chake ndalemba. Munauza Amayi kuti judo, masewera ake ogwetsana aja, yathera pomwepa, ndiponso kuti akochi ndi osasamala. Chonde mumve kaye zimene ndinaona, poti tsiku limene anagwa ku judo ndinalipo, pa benchi ya pafupi ndi chitseko.

Ndinawafunsa akochi mobwerezabwereza kuti ndisakulembereni zolakwika. Akuti munthu akamukola mwendo n'kumugwetsa chagada, msana umayamba kufika pansi, mutu n'kutsalira. Kenako mutuwo umatsatira mwamphamvu, poti ndi wolemera ndipo khosi ndi lowonda. Wogwayo amayenera kugunditsa chibwano pachifuwa, maso ali pa mfundo ya lamba wake. Wogwetsayo naye sataya mkono wa jekete la mnzake, amaukokera m'mwamba kuti nkhongo isamenye matiresi. Paja jekete la judo limakhala lokhuthala ngati chiguduli, chifukwa chake n'chimenecho.

Tsopano pepani, apa dzanja likundilemera. Jekete limene munatumiza lija ndi lokongola, koma si la judo. Ndi la masewera ena aja oponyana mateche, amene sakokana zovala. Nsalu yake ndi yopyapyala. Simukanadziwa, onse ndi oyera. Inenso ndinalisita ndikuimba.

Akochi atangoligwira anamuuza Kanyerere kuti akavale lakale lija. Iye anavomera pakamwa pokha. Anazemba n'kubwerera pamzere nalo lomwelo, akochi ali kalikiliki ndi tiana kumbali ina. Mnzake wamtali uja, amene amamutcha Nsungwi, anamukola mwendo. Ndinangomva nsalu kuti kwee! Mkono wa jekete unatsala m'manja mwa Nsungwi, Kanyerere n'kugwa wopanda womugwira. Chibwano anagunditsa ndithu, ndipo akochi akuti akanapanda kutero bwenzi tikunena zina.

Nsungwi analira kuposa wovulalayo, mpaka Kanyerere, ali chigonere, anamuuza kuti akhale chete akumusokosera mutu. Akochi sanalole aliyense kumudzutsa. Anamugwira mutu ndi manja awiri kufikira ambulansi itabwera, ndipo kuchipatala anapepesa kwa Amayi kuti sanayang'anenso kachiwiri jekete limene anavala.

Kanyerere anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Anati munayenda sitolo ndi sitolo kulifunafuna, mutatopa ndi ntchito, ndiye kuli bwino asiye judo kusiyana n'kuti inu mudziimbe mlandu. Akunena zimenezi, misozi ili chuchuchu. Ndaswa pangano lathu. Andikwiyira, ndikudziwa, koma sindingathe kumuona akutaya chinthu chimene amachikonda pofuna kubisa nsalu yong'ambika.

Mwana uyu pa matiresi paja amakhala wina, Ababa. Amaseka mokweza, amagwa n'kudzuka. Ine sindinakhalepo wotero, ndipo ndikamamuona mtima wanga umazizira.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mukamuimbira, musayambe ndi kupepesa, chifukwa alira ndipo inunso mulira. Mungomufunsa kuti adokotala akadzamulola, iye adzamugwetsa Nsungwi ndi mwendo uti. Akamva zimenezo adziwa yekha kuti mwavomera.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo. Muzivala zofunda m'mawa. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu wachisamba,
wa mawu ochepa uja