Katundu Akupita, Ine Ndatsala

Alexandra, Joni
18 Ogasiti 1991

Okondedwa achemwali a Esime,

Asalamu aleikumu. Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri kudzera mwa Nasibu, dalaivala wa ku Namwera uja amabwera kudzatenga katundu ku depoti kwathu. Ndinakaiwerengera kuchimbudzi, poti kuntchito kuno munthu wotchedwa Julius Khumalo sangaoneke akuwerenga Chichewa. Mwalemba kuti amayi asiya kudya ndipo akamva galimoto iliyonse amafunsa ngati ndi ine, Binali. Mawu amenewo ndawawerenga kanayi, koma sanasinthe.

Mumanditcha mtchona, ndipo sindikukana. Koma lero mumve zonse, kenako mundikalipire mukudziwa chondikalipirira. Nditathawa ku mgodi mu 1968 ndinagula chitupa cha dzina la Khumalo, Mzulu wa ku Natal. Dzina limeneli ndi limene linandipezera ntchito, linandikwatitsa malemu mlamu wanu, ndipo ndi limene mwana wanga Nomsa amalemba kusukulu. Mayi ake ankadziwa zoona zake, anapita nazo kumanda. Mwanayo sadziwa kanthu. Ine mumtima ndimamutchula Madina, dzina la amayi athu, chifukwa ngakhale kukwiya kwake n'kwa amayi, amayamba ndi kukhala chete.

Ntchito yanga ndi yoyendetsa folokolifiti, kagalimoto ka nyanga ziwiri kutsogolo konyamulira katundu. Tsiku ndi tsiku ndimakweza feteleza, malata ndi matayala m'mathiraki opita ku Blantyre. Zonsezo zimadutsa malire popanda wozifunsa za makolo awo. Thumba la feteleza, achemwali, lili ndi mapepala abwino kuposa mlongo wanu.

Nomsa ali chaka chachiwiri ku yunivesite, akuphunzira za mtengatenga, ndiye kuti kayendetsedwe ka katundu pamsewu, panjanji ndi pamadzi. M'kalasi mwawo akuda alimo atatu, mtsikana ndi iye yekha. Akamaliza adzakhala mu ofesi ya pamwamba ija, mmene ine sindinalowemo ngakhale kudzasesa, n'kumauza mathiraki koyenera kudzera. Imamulipirira sukulu ndi kampani yathu, ndipo imatero kwa ana a antchito ake omwe ndi nzika za dziko lino basi. Tsiku limene Khumalo adzadziwike kuti ndi Binali wa ku Mangochi, kapena kungosowa pantchito, tsiku lomwelo mwana wanga wabwerera kunyumba ndi mabuku ake. Chamutsalira ndi chaka chimodzi ndi miyezi inayi.

Musaganize kuti sindinayese. Lachitatu ndinapita kwa kapitawo wathu, chipewa kumanja, n'kumuuza kuti mayi anga akudwala kwambiri. Anandimvera chisoni ndithu. Anati, "Ku Natal si patali, Julius. Tenga masiku atatu." Ndinathokoza ngati chitsiru n'kutuluka. Masiku atatu Nasibu amakhala asanawoloke n'komwe Zambezi, poti ku Tete kuli nkhondo ndipo akumazungulira ku Zambia.

Nasibuyo ndiye anandikokera kuseri kwa thiraki yake. "Achimwene, mpando ulipo. Pa malire a Beitbridge ndikubisani kumbuyoko, sharp sharp tadutsa. Mayi ndi mmodzi, mukuganizanso chiyani?"

"Nanga pobwera?" ndinamufunsa.

Anakanda m'mutu. "Pobwera ndiye eish, amafufuza mpaka pansi pa matayala."

Kupita ndingapite, kubwerera ayi. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine mvula yandipeza ndili pakati.

Chimene chandipweteka koposa chinachitika dzulo masana. Nomsa anayala mapu pabedi. Aphunzitsi awo awapatsa ntchito yoti apeze njira yabwino yotumizira katundu ku Malawi, ndiye amafuna ndimuuze masiku amene madalaivala amatenga. Ndinamuuza zonse, za mzere wa mathiraki pa malire a Chirundu, za phiri lomwe mabuleki amapsa, mpaka anaseka kuti ndikuposa aphunzitsi ake. Kenako chala chake chinapitirira Blantyre, chinakwera n'kukaima pa Mangochi penipeni. Anandifunsa m'Chizulu kuti, "Baba, nanga kuno kumapita chiyani?"

Ndinafuna kunena kuti pansi pa chala chakocho pagona agogo ako, ndipo akundiyitana. Koma mwanayu sadziwa kunama, mawa lomwe akanapita kukadziulula ku ofesi. Ndinangoti, "Angazi, mntanami." Sindikudziwa, mwanangu. Ndinakana mudzi wanga mwana akundiyang'ana, kenako ndinatuluka kukasamba kumaso pampopi.

Choncho sindibwera. Ndalemba poyera kuti musataye nthawi kuyang'ana kumsewu. Ndasowa mtengo wogwira, ndipo ndikuchita manyazi. Ngati Mulungu adzandifunse, ndidzayankha kuti ndinasankha mwana, koma sindikudziwa ngati yankholo lidzamveke.

Nasibu akupatsani katoni. Muli bulangeti, shuga, mafuta opaka miyendo ndi chithunzi cha Nomsa ataima pageti la yunivesite. Chithunzicho muwaonetse amayi kukuwala, muwauze kuti uyu ndi Madina wamng'ono, ndipo mphuno aione okha. Pansi pa zonsezo pali nsalu yoyera, ndinagula kwa Mmwenye ku Fordsburg. Iyoyo musawaonetse. Muisunge m'sutikesi, mudziwa nokha tsiku lake. Katoniyo ndinaikweza ndekha, osati ndi folokolifiti koma ndi manja, ndipo ndinaiyika pampando umene Nasibu anandisungira.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a Sidi ngati akadali ndi mawu ondiyankha, ndi kwa ana anu amene sindinawaonepo. Kwa amayi musanene kuti ndili m'njira, mabodza anga akwana. Mungowagwira dzanja n'kunena kuti Binali wamva, ndipo akupempha amukhululukire. Akakana, mundilembere zomwezo, musandibisire.

Ndine mlongo wanu,
Binali

Poyankha, pa envulopu mulembe Julius Khumalo monga mwa nthawi zonse.